Kachibangiri Kodumphira Mzere

Chikwangwani cha pakhomo lolowera ku Chinjoka chinkati aliyense woima pamzere adikira ola limodzi ndi theka. Anjimile anachiwerenga kawiri. Mzerewo unali utapindikapindika pakati pa zitsulo mpaka kukabisala kuseri kwa shopu ya ayisikilimu.

"Amalume, tikalambira pompano," anadandaula.

"Ndiye tikwera tili ndi imvi. Chavuta n'chiyani?" anayankha a Thom uku akuseka.

A Thom anali mlongo wawo wa amayi ake a Anjimile. Anabwera ku London kudzaphunzira ku yunivesite, ndipo kwa zaka ziwiri ankagona pabalaza m'fulati yawo ku Thamesmead. Tsopano maphunziro anali atatha, viza inali pafupi kutha, ndipo Lolemba ankakwera ndege kubwerera ku Lilongwe. Dzina loti Chinjoka analipereka ndi iwowo, chifukwa njanji ya sitima yosewerera yotchedwa rola kostayo inkazungulira m'mwamba ngati nsato. Ankaiona pachithunzi cha pasiteji ya basi m'mawa uliwonse, ndipo iwo ndi Anjimile analonjezana kuti adzakwera limodzi, pampando wakutsogolo. Loweruka limeneli linali lomaliza.

Anabwera kupaki ya masewera imeneyi pa galimoto ya a Rowland, bambo a Chelsea, mnzake wa Anjimile wa kutchalitchi ku Tottenham. A Rowland anabadwira ku London komweko makolo awo atathawa ku Malawi kalekale, ndipo Chichewa chawo chinkayenda chodumphadumpha. Anafika kuchokera ku kauntala atanyamula tizibangiri tachikasu.

"Thom, osavutika ndi queue imeneyo. Gulani fast track, mukwere kalikonse popanda kudikira."

"Ndaona mtengo wake," anatero a Thom. "Kachibangiri kamodzi kakuposa tikiti yolowera pageti. Ndipo akuti lero kakwera chifukwa ndi Loweruka."

"That's business, achimwene. Nthawi ndi ndalama. Mundege muli first class, musitima muli first class. Palibe amene akukakamizidwa."

"Mundege tonse timafika nthawi imodzi," a Thom anayankha mofatsa. "Pano n'zosiyana. Mwana wanu akadutsa pakhomo lapambalilo, akhala pampando umene ukanakhala wa mwana uyo wanyamulidwa pamapewayo. Nthawi imene paki ikukugulitsaniyo si yawo. Ndi yathu, ife oima panofe."

"Koma ndalama zomwezo ndi zimene amamangira ma ride atsopano. Popanda ife tikiti yanu ikanadula kwambiri."

"Mwina. Koma ndikanakhala mwini paki, ndikanafuna mzere utalike kuti tizibangiri tigulidwe. Zimenezo ndiye zimandiopsa."

A Rowland anaseka n'kuwamenya paphewa. Sanali munthu woipa mtima. Anatembenukira kwa Anjimile n'kumutambasulira dzanja.

"Mwana wanga Adrian wadwala, sanabwere. Kake aka kangotayika. Tenga, uzikakwera ndi Chelsea."

Anjimile anayang'ana kachibangiriko, kenako nkhope ya amalume ake. M'mwamba Chinjoka chinadutsa ndi mkokomo, anthu akukuwa manja ali m'malere. Thupi lake lonse linkafuna kukhala m'mwambamo.

"Pita, mwana wa mlongo wanga," anatero a Thom. "Ukandilawire kaye ngati n'choopsa. Ine ndikusungira malo. Ndikayandikira kutsogolo ndikuimbira."

Khomo la a tizibangiri linali lopanda anthu. Anjimile ndi Chelsea anangothamanga m'kanjira kopapatiza kamene kankadutsa m'mphepete mwa mzere waukulu. Anthu ankawayang'ana. Kamtsikana kena kovala malaya a mpira kanafunsa amayi ake chifukwa chake awo akudutsa. Anjimile anaweramitsa mutu, koma atangokhala pampando, chitsulo n'kutsekeka pachifuwa pake, zonse anaiwala.

Chinali chokoma kuposa mmene ankalotera. Sitimayo inakwera pang'onopang'ono mpaka anaona madenga a nyumba kutali, kenako inatsika mwaliwiro. Anakuwa mpaka mawu anasasa.

"Again!" anatero Chelsea atatsika.

Anakweranso. Kenako anathamangira ku bwato logwera m'madzi, kenako ku mipando yozungulira m'malere. Paliponse ankangoonetsa dzanja, chingwe n'kutseguka. Ulendo wina akudutsanso ku Chinjoka, Anjimile anawaona amalume ake pakati pa mzere. Ankacheza ndi agogo ena achizungu, akuwaonetsa chinachake pafoni, onse akuseka. Pambali pawo panali kampata kakang'ono, kokwanira munthu mmodzi. Anafuna kuima, koma Chelsea anamukoka.

"Tiye, bwanji! Tibweranso."

Foni yake inali m'kachikwama kamene anakatsekera mu lokala kuti kasanyowe. Anaikumbukira mitambo itada kale. Mphepo inayamba kuulutsa mapepala, kenako kunagunda bingu, ndipo mvula inakhuthuka. Mawu anamveka pa zokuzira mawu kuti masewera onse a m'mwamba aimitsidwa.

Anjimile anathamangira ku lokala. Pafoni panali mauthenga a amalume ake. Woyamba unkati, "Ndayandikira, bwera." Wotsatira unkati, "Ndikulola ena adutse, ndikukudikira." Womaliza unali chithunzi cha mpando wakutsogolo, wopanda munthu.

Anawapeza ataima pansi pa kadenga ka shopu ya ayisikilimu, shati itamatirira pathupi, magalasi ali ndi madontho. Mzere wonse unali utabalalika. Wantchito wina ankamanga tcheni pakhomo la Chinjoka, akuuza anthu kuti lero sichiyendanso.

"Amalume, simunakwere?"

"Ndinafika pakhomo penipeni," anatero a Thom akupukuta magalasi ndi shati yonyowayo. "Koma tinagwirizana kuti tikwera awiri. Ndiuze, n'choopsa?"

Anjimile anayang'ana pakhomo lotsekedwalo. Anaganiza za pabalaza pawo Lachiwiri m'mawa, popanda matiresi, popanda munthu woimba nyimbo za kwaya molakwitsa akusita malaya. Anali ndi Loweruka limodzi lokha lotsala ndi amalume ake, ndipo analithera akuthamanga m'tinjira tapambali.

"Pepani," anatero pomaliza, misozi ikusakanikirana ndi mvula.

"Iwe, usalire pamaso pa azungu, aziti ndakumenya." Anamukumbatira paphewa. "Ukadzabwera ku Malawi ndidzakukweza minibasi ya ku Kawale. Imeneyo ndiye rola kosta yeniyeni."

Anjimile anaseka uku akulira.

Panatsala ola limodzi kuti paki itsekedwe. Chimene chinkayendabe chinali kasitima ka m'nyumba ya mizukwa, ndipo aliyense wothawa mvula anali atakhamukira komweko. Mzere wake unatuluka panja mpaka kuzungulira nyumbayo. Chelsea ndi bambo ake anali kale pakhomo lapambali.

"Anji, come on! Kachibangiri kakugwira ntchito kunonso!"

Anjimile anapukusa mutu. "Pita iwe. Ine ndili ndi amalume."

A Rowland anamuyang'ana, kenako anayang'ana a Thom amene ankanjenjemera ndi kuzizira. Anavula jekete lawo, n'kuwaponyera, kenako analowa ndi mwana wawo.

Awiriwo anakaima kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa banja lina la ana ambiri. Anjimile anakokera mkono wa juzi yake pansi mpaka unaphimba kachibangiri kaja.

"Mumawaonetsa chiyani agogo aja pafoni?" anafunsa.

"Nyumba ya ku Area 25 kumene amayi ako anakulira. Sindinakuonetsepo? Taona, mtengo wa mapeyala uwu amayi ako anagwamo ali ngati iweyo. Anathyoka dzino, n'kunamizira ine."

"Bodza! Amayi kukwera mumtengo?"

"Ukawafunse madzulo ano. Uone mmene asinthire nkhani."

Anapitiriza kufotokoza za amayi ake ali mtsikana, za galu wawo amene ankaba mazira, za chipinda chimene adzamukonzere akadzabwera patchuthi. Zinali nkhani zimene Anjimile anali asanazimvepo m'zaka ziwiri zonsezo, chifukwa kunyumba aliyense ankakhala akuthamangira basi. Mvula inkagwabe pang'onopang'ono pa jekete limene anafunda awiri.

Anthu akutsogolo anasuntha pang'ono. Bambo wina kumbuyo kwawo anayang'ana wotchi n'kudandaula kuti mzerewu ukuyenda ngati kamba. Anjimile anagwira mkono wa amalume ake mwamphamvu, mumtima akupempha kuti usafulumire.