Mazira a Nkhwali a Damião

Damião anatembenuza nkhope, n'kutseka pakamwa ndi timanja tonse tiwiri. Linali tsiku lachinayi akukana phala.

"Idya mwanangu, ngakhale pang'ono," ananong'ona mayi ake, Laurinda, maso ali kunjira.

Munali m'chaka cha 1986, masuku atayamba kupsa. Mabanja asanu a m'mudzi wina pafupi ndi Ntengo-Wambalame ankabisala m'khwawa kuseri kwa phiri, chifukwa anthu a mfuti ankalowa m'midzi m'mawa. A Matias, amalume ake a Laurinda, anali ataika malamulo. Moto uzikolezedwa m'bandakucha ndi kuzimitsidwa dzuwa lisanatuluke, kuopa utsi. Mtondo usamveke. Atambala onse anali ataphedwa kale. Chimene a Matias sakanatha kuchilamula chinali kulira kwa mwana wa zaka ziwiri.

Damião akamadzuka, phala limakhala litazizira, lopanda mchere, lopanda nsinjiro. Tsikuli Laurinda anachita monga ankachitira amayi ake. Anamugoneka pamiyendo, anathira phala m'dzanja, n'kumutsina mphuno kuti ameze. Mwanayo anakuwa, ndipo thanthwe la kutsidya linabweza mawu ake.

A Matias anatsika pamalo awo olondera nkhope itagwa.

"Mwana wa mlongo wanga, njira ili apa pomwe," anatero. "Akadzakuwanso chonchi mawa, udzakwera naye kuphanga la kumtunda. Sindingataye anthu makumi awiri."

Kuphangako kunali kopanda madzi, ndipo mwamuna wa Laurinda anali asanabwere kuchokera ku Malawi kumene anakafuna malo.

Pansi pa msuku, patali ndi anthu ena, panali mphasa ya Alzira, namwino wochokera ku Macanga amene chipatala chake chaching'ono chinatenthedwa. Aliyense ankadziwa kuti anthu a mfuti amayamba kufunafuna aphunzitsi ndi anamwino, kenako amene awabisa. Tsiku limene Alzira anafika, Laurinda ananena mosabisa kuti, "Atiphetsa ameneyu." Alzira anamva, anapinda mphasa yake n'kusunthira pamsukupo.

Madzulo Alzira anabwera, nakhala pansi chapatali.

"Mana Laurinda, m'bale wanga, mwanayu sakudwala. Watopa nalo phalali. Inuyo mungamadye chozizira chomwechomwecho m'mawa uliwonse?"

"Nkhondo ino tiziti tisankhe matabishu, chakudya cha m'mawa, ngati ana a bwana?"

"Iye nkhondo sakuidziwa. Akudziwa lilime lake. Mundilole ndiyese mawa."

Laurinda anakweza mapewa. Koma pogona anapemphera kuti, "Ambuye, ngakhale kudzera mwa ameneyu."

M'bandakucha Alzira anaponya mbatata zitatu za kachewere m'madzi owira. Anakulunga mtedza wokazinga m'kansalu n'kumaupondereza ndi botolo la mankhwala, pang'onopang'ono, mpaka unasanduka nsinjiro popanda phokoso. Anatsegula kachitini ka mchere umene ankasungira odwala m'mimba, natsinako. Atakanya zonse pamodzi anaumba timipira, natiika m'kachisa kamene analuka ndi udzu.

"Damião, taona zimene nkhwali yakuikirira."

Mwanayo anayang'ana chisacho nthawi yaitali. Anatola dzira limodzi yekha, nalinunkhiza, naliluma. Anatolanso lina. Palibe amene anamugwira mphuno.

Tsiku lotsatira Alzira anafinyira masuku m'phala, nalipereka m'chikho chaching'ono kuti mwanayo amwe yekha. Linzakelo inali mbatata yootcha m'phulusa, yodula ngati zala. Masiku ena Damião ankadya theka, n'kupaka theka kumutu, koma sankalira. Laurinda ankalandira chikho, kuchitsuka ndi kuchibweza pamsuku. Mawu oti zikomo ankafika pakhosi n'kubwerera.

Lamulungu m'mawa kachewere anali atatha, masuku apafupi atatoledwa onse. Panatsala phala lokha. Dzuwa litangotuluka, a Matias anatsika chokwawa, chala chili pamilomo. Anthu onse anagona chafufumimba m'tchire. Kunjira kunamveka mbuzi zikukokedwa, nsapato zolemera, ndi wina akuimba mluzu.

Nthawi yomweyo Damião anadzuka. Anayang'ana chikho cha phala loyera, nayang'ana mayi ake. Mlomo wake wam'munsi unayamba kunjenjemera.

Dzanja la Laurinda linapita lokha pakamwa pa mwanayo. Anali atamva za mayi wina wa kutsidya amene anatseka chomwecho, natseka kwambiri, ndipo anthu a mfuti atadutsa mwanayo sanapumenso. Anamva mpweya wotentha wa Damião m'chikhatho, chifuwa chake chikukwera kukonzekera kukuwa. Sanadziwe choopsa kwambiri, kugwira kapena kusiya. "Yesu, Yesu," linali pemphero lonse limene anakumbukira.

Udzu unagwedezeka. Alzira anali kukwawa kuchokera pamsuku, kudutsa poyera pamene munthu wa panjira akanatha kumuona. M'dzanja anali ndi chisa chija. Munali mazira atatu, aang'ono, ouma m'mbali. Anali atawaumba ndi mbatata yake ya dzulo, imene iye sanadye.

Anachotsa dzanja la Laurinda mofatsa, naika chisa pamiyendo pa mwanayo.

Damião anameza kulira kwake. Anatola dzira loyamba.

Nsapato zinaima pamtsinje. Anthu aja ankamwa madzi. Laurinda ankamva ngakhale kulira kwa zitsulo za mfuti zikagundana. Dzira lachiwiri linatha.

"Namwino uja sanapite patali," anatero mmodzi kumtsinjeko. "Alipo amene akumudyetsa."

Alzira anatsinzina. Damião anatola dzira lachitatu, naliluma, theka linalo n'kulikankhira pakamwa pa mayi ake. Kenako anayang'ana m'chisa chopanda kanthu, natsegula pakamwa.

"Nkhwali yagona," Alzira anamunong'oneza m'khutu. "Tisaidzutse. Ikadzuka siikiranso."

Mwanayo anaganiza. Anaika kachala pamilomo monga anaonera a Matias, navundikira chisacho ndi tsamba.

Mbuzi zinaliranso, tsopano chakutali. Mluzu unazilala kulowera kumudzi. Anthu anakhalabe chigonere mpaka dzuwa linaotcha misana.

A Matias anasonkhanitsa akuluakulu pansi pa thanthwe. Anayankhula osayang'ana kumsuku.

"Mwamva nokha amene akumufuna. Laurinda ananena tsiku loyamba, ine sindinamvere. Mayi Alzira, tikupatsani ufa wa panjira."

Alzira anagwedeza mutu kuvomera, nayamba kupinda mphasa.

Laurinda anaimirira. Anamasula chitenje chake chakutha, chazigamba, nachimanga pamwamba pa diresi la Alzira. Anatapa dothi ndi phulusa, napaka m'zikhatho zosalala za namwinoyo mpaka zinafanana ndi zake.

"Amalume, kuno kulibe namwino," anatero. "Awa ndi amayi ake aang'ono a Damião. Tinabadwa bere limodzi. Akapita, ine ndi mwanayu tipita nawo."

A Matias anayang'ana mdzukulu wawo, amene anali atakhala pansi akulondera chisa chake. Anakanda kumutu, nayang'ana akuluakulu anzawo. Palibe amene anatsutsa.

"Ndiye muwaphunzitse kugwira khasu," anatero. "Dothi lopaka limachoka ndi madzi."

Laurinda ananyamula mphasa ija, nakaiyala pafupi ndi yake. Anathira phala lozizira m'mbale ziwiri, yodzaza kwambiri napereka kwa Alzira.

"Idyani, mana. Dzulo simunadye," anatero. Kenako anafunsa, "Nanga mawa nkhwali iikira chiyani?"