Mbuzi za Venansio Zinakama Apongozi

Chaka chimene mvula inanyanyala, mitsinje ya ku Machinjiri n'kusanduka njira za kabaza, Venansio anali ndi mbuzi zitatu zamkaka. Koma mbuzi zake! Nthiti ngati malata, mawere ngati sokosi zakutha. Akakama, mkaka wosakwanira ndi tiyi wa mphaka yemwe.

Neba wake Yusuph, amene anasungira mbuzi zake makoko a nandolo nthawi yokolola, ankapita ndi zigubu za mkaka kukagulitsa ku Chilomoni akuimba likhweru.

"Iyeyu ndiye ndani?" ankalalata Venansio. "Ine ndizikwera phiri kusaka masamba ngati nyani?"

Basi, ulendo kwa sing'anga, dzuwa likuswa mtengo.

"Mkaka sugwa kumwamba, bambo," anatero sing'angayo akukulunga kanyanga mu nsanza. "Mukakwirira aka pansi pa khola, mbuzi zizikama mkazi wamkulu wa m'nyumba mwanu. Iye azifota, zigubu zizidzaza. Koma wamagazi anu asadzaulawe mkakawo. Akadzangoulawa, mbuzi zidzatenga mutu wanu."

Venansio anaseka mpaka kutsamwa. Kunyumba kunali apongozi ake, mayi wathupi ngati thanki, amene anabwera kudzadikirira mwana wawo Betty, mkazi wa Venansio, yemwe anali woyembekezera.

"Amenewo zikame chaka chonse, sangathe!"

Atangokwirira kanyangako, eee, mkaka unasefukira! Ndowa, mapoto, mpaka beseni losambira. Apongozi anayamba kuphwa ngati tayala, chitenje kuwazungulira katatu. Betty atabereka, mwana n'kutuluka m'chikuta, mayiwo anamanga katundu.

"Kuno sikukundiyanja, bambo. Ndikafere kwathu ku Phalombe."

Minibasi vuu! Mkazi wamkulu m'nyumba anatsala Betty.

Pasanathe masiku atatu, mawere ake anauma gwa. Khanda linalira mpaka mawu kusasa. Venansio anakumba pansi pa khola ndi manja, kanyanga kosaoneka. Anathamangira kwa sing'anga.

"Chotsani, agogo! Chonde!"

"Munaseka pano, bambo. Zoterezi sizibwerera. Sankhani, mwana kapena mutu."

Atafika kunyumba anapeza Betty ali pakhonde, maso atalowa m'kati.

"Bambo a mwana, mkaka wadzaza nyumba, mwana wanu akufa ndi njala. Mukutiletseranji?"

Venansio anayang'ana kamwanako, liwombo litalowa ngati kambale. Anatenga supuni yekha, kutunga mkaka uja n'kukamwetsa. Kanameza, kanamezanso, kenako kanagona. Venansio anatsegula pakamwa kuti anene "Zikomo Ambuye," koma chimene chinatuluka ndi "Meee!"

Mbuzi zinauma tsiku lomwelo. Betty anabereka mwana wake kumbuyo, ulendo ku Phalombe. Lero Venansio amakwawa pamsika, kulimbirana makatoni ndi mbuzi za eni, ndipo Yusuph akamuona amamuponyera makoko a nandolo mwachisoni.

Abale, chilala chimadutsa, mvula imabweranso. Koma chuma chamankhwala chimadya m'nyumba momwemo, ndipo chikatha kudya ena chimamalizira mwini wake.