Womenya wa Pothina

Pakhomo pa a Norbert Zenner, kunja pang'ono kwa katauni ka St. Gall ku Minnesota, malamulo ake anali osakambirana. Ng'ombe zikamidwe dzuwa lisanatuluke, banja lonse lipite ku Misa Lamulungu, ndipo Misa ikatha aliyense akapezeke kubwalo la besibo, mpira waung'ono womenya ndi ndodo. Akazi awo, mayi Loretta, ankati lamulo lomalizalo anachita kuliwonjezera okha bambowo, komabe nawonso sankajomba.

A Norbert sanasewereko mpira, chifukwa mwendo wawo unali wolumala kuyambira ali mwana. Koma maso ndi pakamwa anali nazo. Ankakhala kumbuyo kwa besi yachitatu, malo omaliza amene wothamanga amaponda asanafike pakhomo pamene chigoli chimawerengedwa, n'kumaweruza osewera ngati mmene ankaweruzira ng'ombe pamsika.

"Omenya mpira alipo a mitundu iwiri," ankatero kwa aliyense wokhala nawo pafupi. "Pali womenya bwino timu yake ikamatsogola kale. Zimenezo ngakhale mkazi wangayu angathe. Ndiye pali wa pothina. Gawo lomaliza, zigoli zafanana, mnzake ali pa besi kudikira kuti amufikitse pakhomo, bwalo lonse lili zii. Pamenepo ndi pomwe timamudziwira munthu."

"Mundichotse m'nkhani zanuzo, bambo a Glenn," ankayankha mayiwo. "Ine ndimakhala pothina tsiku lililonse ndi inuyo."

Ana awo awiri onse ankasewera m'timu ya tauniyo. Glenn, wamkulu, sanali womenya wodabwitsa. Chake chinali liwiro ndi khama: ankathamanga ngati walumidwa ndi mavu, ndipo kokonzekera ankayamba ndiye kufika. Royce, wamng'ono, ndiye anali nkhani ina.

Mnyamata ameneyu ankamenya mpira, tisanamizane. Zikathina, anzake manja ankachita thukuta, koma iye ankayenda mwachifatse kupita pakhomo pomenyera, n'kumuyang'ana woponya ngati akufuna kumufunsa za kunyumba. Ndodo yake ikakumana ndi mpira phokoso lake linali lina, ngati nkhwangwa pamtengo wouma, ndipo agogo ogulitsa masoseji ankadziwa osacheuka kuti wamenya ndi Royce. Chilimwe chimenecho anapulumutsa timu kangapo konse pagawo lomaliza. St. Gall, yomwe inali isanafikeko kumpikisano waukulu wa chigawo chonse, inayamba kuununkhiza.

A Norbert ankachita kulira ndi chimwemwe. "Uyu ndi wa pothina," ankauza anthu. "Zimenezi saphunzira. Munthu amabadwa nazo."

Royce anawamva mawuwo, ndipo anawasunga.

Ku St. Gall kunali chizolowezi chakuti amene wapambanitsa timu, tsiku limenelo salipira mowa kubala ya pangodya. Royce anapitako koyamba ndi anzake onse, n'kumwa botolo limodzi. Kumeneko ndi komwe anagwidwa ndi Denny Ollig, bambo wamimba yaikulu amene kale anali wowakha mpira wa timuyo, koma tsopano ankangowakha mabotolo.

"Khala apa, mphwanga," anatero Denny. "Ndamva kuti Lachiwiri muli ndi zotirena. Iweyo ukatirena chiyani? Kutirena ndi kwa anthu ngati achimwene akowo, ofunika kuwasonyeza mbali yogwira ndodo. Iwe zako zili m'magazi. Bambo ako omwe amanena."

"A kochi amafuna tonse tizipezeka," anatero Royce.

"Vern? Akuchotse ndiye aone amene am'menyere. Landira ili."

Royce analandira. Lachiwiri lotsatira sanapite kokonzekera. Lamulungu anamenya mpira womwe unadumpha mpanda n'kukagwera m'munda wa chimanga, anthu mpaka kuimirira pamabenchi. A Vern Stang, kochi wa timuyo, anali atakonza mawu okalipa, koma anawameza.

Kuchokera pamenepo zinayenda mwaliwiro. Royce anasiya kudzuka kukakama, Glenn n'kumagwira ntchito ya anthu awiri osadandaula. Ku Misa ankafika mochedwa, maso ali psuu, n'kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Kenako anasiyiratu. Chodabwitsa n'chakuti mpira sunamuthawe. Ankafika kubwalo mutu ukuwawa, magawo oyamba n'kumangophonya, koma zikathina ankadzuka ngati munthu wina. Ndipo tauni yonse inkamukhululukira.

Amene sanamukhululukire anali mayi ake. M'mawa wina anamupeza kukhitchini dzuwa litakwera kale, akumwa khofi wozizira.

"Mkulu wako wakama yekha kachiwiri," anatero. "Iwe manja ako ndi a Lamulungu lokha?"

"Amayi, timu ikupambana. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna mwana wanga. Uyu wonunkha mowa sindikumudziwa. Mulungu anakupatsa mphatso kuti uzithandiza nayo anzako, iwe waisandutsa chiphaso cha ulesi. Zikutengera kutali zimenezi, Royce."

A Norbert poyamba ankamuikira kumbuyo. "Musiyeni mwana, mayi. Anthu otere ali ndi kachitidwe kawo." Koma tsiku lina anamuona akudzandira pamsewu masana, Denny atamukoleka dzanja paphewa, ndipo mtima wawo unawawa. Madzulo anamuitana kukhola.

"Mwana wanga, ndimakunyadira, ukudziwa. Ine ndaonera besibo moyo wanga wonse, ndipo womenya ngati iwe sindinamuonepo. Koma m'bwalo mumakhala anthu asanu ndi anayi. Onsewo amadalirana. Ukamajomba kokonzekera sukudzibera wekha."

"Si inu nomwe mumati zimenezi saphunzira?" anayankha Royce, akumwetulira.

Bambowo anangotola ndowa n'kulowa m'khola.

Kenako anafika masewero omwe aliyense ankawadikira: opambana apita kumpikisano waukulu. Adani awo anali a ku Elm Prairie, ndipo panali vuto limodzi. Mnyamata wina wa St. Gall anali atakwatira kumeneko n'kulowa timu yawo, ndipo ankadziwa zizindikiro zonse za a Vern. Paja kochi sakuwa pouza osewera chochita. Amaima pafupi ndi besi yachitatu n'kumagwira chipewa, khutu kapena lamba, ndipo anyamata ake okha ndi amene amadziwa tanthauzo. A Vern anaitanitsa timu yonse Loweruka kuti asinthe zizindikirozo.

Loweruka limenelo Royce anali panyanja m'bwato la Denny, mbedza m'madzi, mabotolo m'bokosi la ayezi.

Lamulungu m'mawa Glenn anamugwedeza pabedi. "Dzuka, ndikuuze zizindikiro zatsopano. Zasintha zonse."

"Achimwene, mutu wanga. Mundiuza m'galimoto."

M'galimoto Royce anagona. Atafika kubwalo Glenn anayesanso, koma mng'ono wakeyo anakupiza dzanja. "Ndazimva kale kwa anyamata. Komanso ine chizindikiro changa ndi chimodzi: menya."

A Vern anamupeza akumanga nsapato. "Dzulo sunabwere. Zizindikiro wauzidwa?"

"Eya, a kochi."

"Zonse?"

"Zonse," anatero Royce, osakweza maso.

Anali masewero okoma kwambiri omwe St. Gall inawaonapo. Anthu anadzaza mabenchi, ena anakwera pamathirakitala kuseri kwa mpanda. Pagawo lachisanu ndi chimodzi mwa magawo asanu ndi anayi, timu ikutsalira, Royce anamenya mpira wodutsa pakati pa osewera awiri n'kufikitsa anzake awiri pakhomo. Zigoli zinafanana, ndipo a Norbert anakuwa mpaka mawu kusasa.

Gawo lomaliza, Glenn anamenya kampira kofooka n'kufika pa besi yoyamba ndi miyendo yake. Kumenya kwa anzake omutsatira kunamusuntha mpaka anaima pa besi yachitatu. Anangotsala ndi kamtunda kamodzi kokha kuti afike pakhomo, St. Gall ipambane. Ndipo wobwera kudzamenya anali Royce.

Bwalo lonse linaimirira. Osewera a Elm Prairie anabwerera m'mbuyo, poopa nkhonya ya ndodo yake. A Vern anaona mpata waukulu womwe unatsala patsogolo, ndipo nzeru inawabwerera. Palibe amene akanaganiza kuti Royce Zenner angangotchinga mpira ndi ndodo kuti ugwe pafupi. Pa kaseweredwe kameneka wothamanga sadikira. Woponya akangotukula mkono, iye amaliyatsa liwiro kulunjika pakhomo, kukhulupirira kuti mnzake satembenuza ndodo mwamphamvu. Amapereka nkhope yake m'manja mwa womenyayo.

A Vern anagwira chipewa, kenako lamba. Pa zizindikiro zatsopano zimenezo zinkatanthauza kuti tchinga. Pa zakale, chipewa chinkatanthauza kuti menya mmene ungathere.

Glenn anamuyang'ana mng'ono wake, kumufunsa ndi maso ngati waona. Royce anagwedeza mutu monyada, n'kutembenukira woponya. Besi yachitatu inali kumsana kwake.

Mkono wa woponya unakwera. Glenn ananyamuka, mutu pansi. A Norbert, omwe ankaona zonse kuchokera pamalo pawo, anaona mapewa a Royce akukokera ndodo m'mbuyo, ndipo anakuwa dzina lake, koma mawu awo anamira m'phokoso. Mpira unabwera pomwe Royce ankaukonda. Anaumenya ndi mphamvu zake zonse, molunjika mzere wa besi yachitatu.

Panamveka phokoso kawiri. Loyamba linali la ndodo.

Royce anali atayamba kale kuthamanga, akumwetulira, pamene anazindikira kuti bwalo lati zii. Atacheuka anaona mkulu wake ali gone pafumbi, masitepe ochepa kuchokera pakhomo, manja kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala. Mayi Loretta anali akukwera mpanda ndi diresi lawo la ku Misa.

Masewerowo anatha bwanji, Royce sanafunse, ndipo a kwa Zenner sanasamale. Kuchipatala cha mumzinda madokotala anayesetsa, koma diso lamanzere la Glenn silinapulumuke.

Tsiku lotsatira Royce anapeza bambo ake atakhala okha pabenchi ya m'khonde la chipatala. Anaima patsogolo pawo osadziwa poyambira.

"Anthu akuti inali ngozi," anatero a Norbert, akuyang'ana pansi. "Vern akudziimba mlandu. Akuti sakanayenera kupereka chizindikiro chimene chija." Kenako anakweza maso n'kumuyang'ana. "Ndikuuze zoona, mwana wanga. Mpira uja unaumenya bwino. Pa moyo wanga sindinaonepo womenyedwa bwino chotero. Ndakhala ndikuuona usiku wonse."

Royce anagwada pamenepo, anthu akudutsa.

"Bambo, sinali ngozi. Zizindikiro sindinkazidziwa. A kochi anandifunsa, ndinawanamiza. Achimwene anandifunsa ndi maso, ndinavomera."

Bambowo sanakalipe. Misozi inangotsika. "Usandiuze ine. Mwini diso ali m'katimo."

Glenn anali atatsamira pilo, theka la nkhope litakulungidwa ndi nsalu zoyera. Mayi Loretta anali pambali pake ndi korona m'manja. Royce ananena zonse, za bwato la Denny, za bodza lake, osasiyako kanthu. Glenn anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinkadziwa kuti Loweruka kunalibe," anatero pang'onopang'ono. "N'chifukwa chake ndinakuyang'ana. Ukanangopukusa mutu, ine sindikanathamanga."

"Ndikhululukireni, achimwene."

"Ndikukhululukira, pakuti ndiwe mng'ono wanga. Koma undipatse nthawi. Pakali pano khala mbali iyi, kumeneko sindikukuona."

Royce anazungulira bedi n'kukakhala kudzanja lamanja, ndipo analira ngati mwana.

Mlungu womwewo anapita kukalapa kwa bambo mfumu, ndipo kubala ya pangodya sanapondekonso. Denny atamuitana pamsewu, Royce anangodutsa. Anapita kunyumba kwa a Vern n'kuwauza yekha kuti mlandu sunali wawo. Achinyamata a ku St. Gall mpaka lero amauzidwa za kamenyedwe ka Royce Zenner, ndipo owauzawo sakokomeza, chifukwa mnyamatayo analidi katswiri. Kulapa kwake kunali koona, Mulungu ndi mkulu wake anamulandira. Koma Glenn sanathamangenso m'bwalo, ndipo diso lake silinabwerere.

Iwe wachinyamata amene anthu akukuombera m'manja, tchera khutu. Mphatso imene uli nayo siikumasula ku ntchito imene anzako akugwira, ndipo siitsuka mowa, ulesi kapena bodza. Ukajomba pamene anzako akupangana, kenako n'kunama kuti ukudziwa, usaganize kuti udzalipira wekha. Amene adzavulale ndi munthu amene anakukhulupirira.