Nkhope ya Chiza pa Khoma la Msika

Woyamba kuona anali Hosea, mphunzitsi amene anajambula chithunzicho: mlimi wa pakhoma la msika wa Chama anali atasiya kumwetulira.

Chaka chimenecho kampani ina yogula thonje inalipira chikondwerero cha zojambulajambula paboma. Donald, kapitawo wa kampaniyo, ndiye anasankha nkhope yoika pakhoma lalikulu. Mwa anthu onse, mtima wake wamwalawo unasankha Chiza wa ku Kambombo, akuseka atakumbatira thonje. Chizayo anali atangoikidwa m'manda. Anamwa mosadziwa mankhwala opopera thonje amene Donald anamutsanulira m'botolo la zakumwa, ndipo pamaliro Donald anafalitsa zoti malemuyo anali chidakwa.

Lena, mkazi wa Chiza, anayenda wapansi kudzadandaula.

"Bwana, maliro sitinamete. Musamuimike pamsika munthu mzimu wake usanagone."

"Mayi, penti si munthu," anatero Donald, uku akuyang'ana wotchi yake yagolide.

Chithunzicho chitasiya kumwetulira, Hosea anajambulanso milomo yake, koma kutacha inali itatsekekanso. Usiku wotsatira mlonda wa msika anamva munthu akusanza mumdima, pang'onopang'ono, ngati wotheratu mphamvu. Atawunika anangopeza khoma likununkha mankhwala a thonje.

"Maso aja atembenuka," Hosea ananong'oneza Donald m'mawa. "Manje akuyang'ana kudepoti kwanu kogulira thonje."

Ena ankati ndi Lena amabwera ndi burashi. Lena wake uti, woti sanagwirepo ngakhale pensulo? Donald anapsa mtima. Anapaka yekha njereza khoma lonse, nalikuta ndi tenti, n'kulamula kuti tsiku la chikondwerero Hosea adzajambule duwa la thonje anthu akuonerera.

Tsikulo ng'oma zinalira, akuluakulu a kampani atakhala kutsogolo. Kenako anthu anachotsa tenti ija. Chiza analipo, thonje litagwa pamapazi ake. Dzanja lake linali litagwira mkono wa munthu wina, wojambulidwa chakumsana, wovala wotchi yagolide. Ndipo Chizayo anali akumwetuliranso.

Donald anagwira mkono wake, n'kugwada, thovu likutuluka m'kamwa. Amene anamunyamula anati ankanunkha ngati munda wongopopera kumene. Kuchipatala sanapeze matenda, ndipo Donald sanafike madzulo ali moyo.

Lena sanalire, sanasekenso. Anayang'ana mwamuna wake pakhomapo, namanga chitenje chake bwinobwino.

"Tiyeni kumudzi," anauza alamu ake motsitsa mawu. "Manje tikamete."