Mwini Mowa Ayambe Kulawa

Umphawi wa Fanuel Nyirenda unkadziwika ndi agalu omwe a pa Manyamula. Fodya wake ankabwezedwa ku okushoni, tayala la njinga yake linali lopakira udzu, ndipo mkazi wake, Ellen NyaTembo, chitenje cha kutchalitchi chinali chomwecho cha kumaliro. Koma umphawi wokha sukanamupititsa kwa sing'anga. Chinamutuma ndi chipongwe.

Conrad, mnzake wa kusukulu, anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yonyezimira, naitana anzake akale ku nkhomaliro pa Mzimba boma. Atatha kudya, anandandalika mabotolo a vinyo.

"Uyu wagona zaka zambiri asanatsegulidwe," anatero Conrad. "Samwedwa ngati masese. Umayamba wanunkhiza, kenako n'kulawa pang'ono."

Goodluck ndi Keith, anzawo ena awiri, ankazunguza matambula ngati anayamwira zomwezo. Fanuel, ludzu la panjinga lili pakhosi, anangopapira tambula yonse, nakwinya nkhope. "Wowawasa chomene. Mulibe shuga?"

Kuseka kwake! Goodluck anachita kugwa pampando.

"Mupatseni thobwa uyu," anatero Conrad akupukuta misozi. "Fanuel, wameza ng'ombe yathunthu osamva n'kukoma komwe."

Fanuel anaseka nawo, koma mumtima munali moto. Akupalasa njinga kubwerera, analumbira kuti atatuwo adzalira mmodzimmodzi, Conrad makamaka.

Sing'anga Bestone ankakhala kuseri kwa Edingeni. Fanuel anamupeza dzuwa lili paliwombo, atakhala m'khola lopanda ng'ombe, koma ndowe zili zaziwisi.

"Ukufuna chuma kapena ukufuna anthu?" anafunsa Bestone asanapereke moni.

"Zonse, adada. Ndikufuna Conrad adzakhale patebulo langa, amwe vinyo wanga, ine ndikumuseka."

Bestone anapisa dzanja m'ndowe, natulutsa botolo lakuda lopanda pepala. "Vinyo amakoma ndi zaka. Uyu alibe zake, amamwa za anthu. Chuma chitsogola, malipiro atsatira. Chaka chilichonse ukakolola, uziitana anzako masana, uzitsegula botololi. Wolawa poyamba, zaka zake zotsala zimalowa m'botolo. Otsatira amangomva kukoma."

"Nanga chaka chikadutsa osatsegula?"

"Lidzadzitsegula lokha, lidzasankhanso lokha."

Fanuel analandira botolo lija. "Koma kwathu kuno mwini mowa ndiye amalawa poyamba, kuti alendo aone kuti mulibe chiphe."

"Mbwenu nkhani imeneyo ndi yako," anatero Bestone akumwetulira. "Ine ndakupatsa khasu. Kulima n'kwako."

Chuma chinabweradi, abale. Fodya yemwe uja anayamba kulimbiranidwa. Kunabwera chigayo, kunabwera malole, kunabwera nyumba yampanda pa boma. Fanuel anaitanitsa vinyo weniweni wa ku Joni, naphunzira kuzunguza tambula ndi kutseka maso ponunkhiza. Chinamuwawa n'chimodzi, Conrad anali atabwerera ku Joni. Koma botolo silidikira munthu.

Pa nkhomaliro yoyamba, alendo atalawa wofiira ndi woyera, Fanuel anatulutsa lakuda lija. "Kwa azungu mlendo wolemekezeka ndiye amayamba," anatero, akupereka tambula kwa Goodluck.

Goodluck, ndi kukonda chizungu kwake, sanafunse za mwambo. "Yewo! Akumveka ngati masuku akupsa!"

Mvula isanagwe, mutu wa Goodluck unayera mbuu, mano anayoyoka, msana unapindika. Achipatala anasowa matenda. Mwamuna wa ana a ku pulayimale anafa ngati nkhalamba. Fanuel anagula bokosi lokongola, ndipo poponya dothi ananong'ona, "Sekanso."

Chaka chotsatira anali Keith. Vinyo uja ankangokomerakomera, ndipo botolo silinkatsika.

"Anzanu akutha bwanji chonchi, a Nyirenda?" anafunsa Ellen tsiku lina. Iye sankadziwa kanthu, ankangothokoza Mulungu kuti mwamuna wake wayamba kulemekezedwa.

"Ndi nyengo," anayankha Fanuel osamuyang'ana.

Kenako Conrad anabwera. Fanuel anaitana amalonda ndi akuluakulu a mpingo, pofuna kuti mdani wake agwe anthu akuona. Ellen anaphika mpunga, nkhuku ndi nyama yowotcha. Mabotolo anayenda, wina wonunkhira zipatso, wina wolemera pakamwa, Fanuel akufotokoza ngati mphunzitsi. Potsiriza anatsegula lakuda, nathira tambula yodzadza, naikankhira kwa Conrad.

Conrad ananunkhiza, naibweza pakati pa tebulo.

"Ndamva kuti Goodluck analawa poyamba," anatero. "Keith nayenso analawa poyamba. Ine ku Joni ndakhalako, koma ndine Mngoni. Mwini mowa ayambe."

Fanuel anayang'ana tambulayo.

"Ine... ndikumwa mankhwala a kuchipatala."

"Mankhwalawo sakukana mabotolo enawa bwanji?"

Alendo anayamba kuyang'anizana. Mmodzi anakankha mbale yake. Ellen, amene anaima pakhomo ndi mbale ya nyama, anamva manyazi ndi ukali pamodzi. Mwamuna wake anasekedwapo kale chifukwa cha vinyo, lero amutchenso mfiti m'nyumba mwake momwe?

"A Conrad, chonse mwadya muno chadutsa m'manja mwanga," anatero akuika mbale pansi. "Kumudzi wofulula ndiye amalawa. Mwini mowa ndine."

Ananyamula tambula. Mpata unalipo, ndikukuuzani, mpata unalipo! Fanuel akanangokuwa kapena kumenya tambulayo. Koma kutero kunali kudziulula pamaso pa Conrad. Anayang'ana alendo, anayang'ana mdani wake, ndipo ali m'kuzengereza komweko, Ellen anapapira tambula yonse.

"Wowawasa chomene," anatero akukwinya nkhope. "Mulibe shuga?"

Alendo anaseka, mitima itatsika. Conrad anagwira manja mwamanyazi. "Ndapota, mundikhululukire, amama." Anadzithirira yekha, nalawa, natseka maso. "Fanuel, vinyo wotere sindinamwepo chibadwire. Wandiposa, m'bale wanga."

Amenewo ndiwo mawu amene Fanuel anawadikira zaka zonsezi. Anawamva akuyang'ana imvi yoyamba pamphumi pa mkazi wake.

Anathamangitsa galimoto mpaka kukhola kuja, nagwada m'ndowe. "Adada, tengani malole, tengani nyumba, bwezani zaka za NyaTembo!"

"Ndibweze chiyani?" anatero Bestone. "Zakazo munamwa ndi alendo ako. Conrad anati zikukoma, si choncho?"

Ellen anafa chimanga chisanamere, wopanda dzino ndi limodzi lomwe, akupepesa mwamuna wake kuti wamusiyira ana. Atangomuika, Fanuel anaswa botolo lija pamwala. Linali louma. Malole anagwa, chigayo chinapsa, mutu nawo unabalalika. Lero mukadutsa pa depoti ya Mzimba mudzamuona atanyamula thumba la mabotolo otola, akukakamiza apaulendo kuti, "Lawani, lawani," kenako n'kulanda botololo akukuwa, "Usamwe, Ellen!" Conrad adakali moyo, ndipo ndiye akuphunzitsa ana a Fanuel sukulu.

Inu amene mukusirira tebulo la mnzanu, imvani. Chuma cha zitsamba sichidya adani okha, chimamalizira m'nyumba mwako. Kusekedwa sikupha munthu, koma dyera ndi mtima wobwezera zimapha. Chomwe sungathe kulawa wekha, usachiike patebulo.