Ng'ombe ya Mapaipi

Chingwe cha Amado Archuleta chidagweranso pansi, thole n'kudutsa mchira uli m'mwamba ngati likumuseka. Anyamata amene adakhala pampanda wa bwalo adaomba m'manja mwachipongwe.

"Wakola, wakola! Wakola fumbi!" adakuwa Dusty Pruitt. "Iwe Archuleta, limange msanga lingathawe!"

Dusty anali wapakamwa, koma anali nacho chonyadira. Kwawo kunali ng'ombe yachidole yogula kusitolo, ya nyanga zonyezimira, yophunzirirapo kuponya chingwe. Amado ankaphunzirira pa mtolo wa udzu wouma, wopanda ndi nyanga zomwe. Mpikisano wa achinyamata wokola ng'ombe unali utayandikira, ndipo mlongo wake wamkulu, Nieves, anali atalola kuti akakwere hatchi yake, Canela. Hatchiyo Nieves adailera yekha kuyambira ili kamwana, ndipo chiyambire adali asanabwerekepo munthu.

"Hatchi ndakupatsa," Nieves adatero ali m'pikiapu pobwerera kufamu. "Koma usakandichititse manyazi. Canela imanyamula anthu okola ng'ombe, osati thumba la nyemba."

Amado sadaseke. Mtima unali ukumuwawa.

Kuno ku New Mexico, amene alibe chidole chakusitolo amapanga chake ndi mapaipi apulasitiki. Amado adafufuza m'nyumba yosungiramo zida ndipo adapeza sowo, guluu ndi timapaipi topindika tolumikizira. Paipi yeniyeniyo ndiyo kunalibe. Apa m'pamene adakumbukira paipi yoyera yopititsa madzi kubusa lakumpoto. Yonse idakwiriridwa pansi, kupatula pakhwawa, kunja kwa mpanda wa busalo, pamene inkadutsa poyera. Bambo ake adatseka madziwo kalekale atasamutsako ng'ombe.

"Ndikungobwereka," adadziuza yekha sowo ili m'manja. "Loweruka tikapita m'tauni ndikagula ina, n'kudzalumikiza. Adziwa ndani?"

Kunena zoona, mnyamatayo anali waluso. Paipi ija adaidula zidutswa za msana, khosi ndi miyendo inayi, n'kuzimata ndi guluu. Miyendo yakumbuyo adaikoloweka pa bawuti kuti izigwedera ngati ya thole lothamanga. Kumutu adamangako nyanga zenizeni zimene adatola kuthengo. Ng'ombe yake itaima pabwalo, ngakhale galu adaiuwa.

Nieves adaizungulira akugwedeza mutu. "Iii, koma iwe! Yangotsala kulira. Mapaipiwa wawatenga kuti?"

"Akale aja, kuseri kwa khola."

"Chabwino. Bweretsa chingwecho ndikuonetse. Vuto lako umaponya ndi phewa ngati ukugenda mbalame. Tembenuza dzanja chonchi, maso akhale panyanga."

Kuyambira pamenepo kunalibenso china. M'mawa chingwe, masana chingwe, mpaka zikhatho zidachita matuza. Loweruka lidakwana, m'tauni adapitadi, koma Amado adaopa kuti akanyamula paipi Bambo ake afunsa ya chiyani. Adati agula ulendo wina.

M'mawa wina akudya nyemba ndi mazira, Bambo Archuleta adaika kapu ya khofi pansi.

"Msipu kuno watha. Hatchi zonse ndazipititsa kubusa lakumpoto, ndi Canela yemwe, ikadye ipeze mphamvu mpikisano usanafike. Madzi ndatsekula. Amado, ukaone ngati akufika m'chomwera."

Amado adasiya kudya. Mpata wonena unali umenewo, ndipo adatsekuladi pakamwa. Koma Nieves anali pomwepo akumumwetulira.

"Chabwino, Papa," adatero.

Atafika pakhwawa adapeza madzi akukhuthukira mumchenga pamene adadula paja. M'chomwera munali madzi amvula otsalira, obiriwira, ofika m'mawondo. Hatchi zinkamwa bwinobwino.

"Awa afika mawa," adaganiza. "Mawa ndiphwasula miyendo ya ng'ombe ija ndilumikize."

"Madzi alimo?" Bambo ake adafunsa atabwerako.

"Alimo, Papa."

Mawa lakelo Dusty adatulukira pafamupo, atamva mbiri ya ng'ombe ya mapaipi.

"Ndiye chimenechi? Chikuoneka ngati mipope yakubafa yathawa m'nyumba!"

Amado adazunguza chingwe, n'kuponya. Kho! Nyanga zonse ziwiri. Adabwereza, n'kubwerezanso, osaphonya. Dusty adayesa kawiri konse n'kugenda khosi, ndipo adanamizira mphepo. Tsiku limenelo Amado adayenda ngati famu yonse ndi yake. Aphwasule bwanji ng'ombe imene yatseka pakamwa pa Dusty? Adati adikire pang'ono, mwina kugwa mvula. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mvula siidagwe. Dzuwa la mwezi wa Julaye, umene kuno kumatentha kwambiri, lidaswa mtengo, ndipo mphepo yotentha inkauluza fumbi tsiku lonse. Amado akati aganize za chomwera chija, ankangotenga chingwe kuti aiwale.

"Tiye tikatenge Canela," Nieves adamuitana masana ena. "Chidole wachitha. Tsopano tikuone uli pamsana pa hatchi."

Ali chapatali adaona hatchi ziwiri zitaima pachomwera, mitu ili pansi, zikunyambita matope ouma. Canela panalibe.

"Madzi ali kuti?" Nieves adafunsa. "Amado, si unati alimo?"

Sadadikire yankho. Adathamanga motsata mpanda akuitana hatchi yake ndi likhweru, Amado ali pambuyo.

Adaipeza pafupi ndi khwawa. Canela inali yochenjera kuposa zinzake. Idamva fungo la madzi amene ankatayika kutsidya kwa mpanda, n'kuyesa kudumpha. Waya waminga udaikola mwendo wakumbuyo, ndipo poyesa kudzimasula udaicheka mpaka mkati. Inali itaima ndi miyendo itatu, ntchentche zili ng'waa pabala.

Nieves adavula malaya ake apamwamba n'kumanga mwendowo, akulankhula ndi hatchiyo motsitsa mawu ngati mwana. Atadzuka, maso ake adagwera pakhwawa. Adaona madzi akutuluka, adaona kumene paipi idathera, ndiponso kumene idayambiranso. Mbali zonse ziwiri zinali zodulidwa bwino, mowongoka, ndi dzanja la munthu waluso.

"Akale aja, eti?" adatero. "Kuseri kwa khola?"

"Nieves, ine ndimafuna ndibweze..."

"Thamanga ukaitane Papa. Choka pamaso panga."

Dokotala wa ziweto adasoka balalo kwa nthawi yaitali. Atatha adasamba m'manja, n'kuyang'ana Nieves mwachisoni.

"Moyo ikhala nawo. Kuyenda idzayenda. Koma mtsempha waduka, mwanawe. Zothamangitsa ng'ombe uiwale."

Bambo Archuleta sadakalipe, ndipo Amado akadakonda akadakalipa. Adangotenga sowo ija n'kumupatsa m'manja.

"Hatchi zinazo zikufuna madzi lero lomwe," adatero. "Paipi ukudziwa kumene ili."

Amado adaidula yekha ng'ombe yake. Adayamba ndi miyendo yogwedera ija, kenako khosi, kenako msana. Nyanga zidagwera m'fumbi ndipo sadazitole. Zidutswazo adazinyamula kupita nazo pakhwawa, n'kuzilumikiza chimodzichimodzi. Dzuwa lisanalowe n'komwe, madzi anali akuthira m'chomwera. Kufulumira kwa ntchitoyo n'kumene kudamuliza.

Tsiku la mpikisano, magalimoto okoka ngolo za hatchi ankadutsa mumsewu motsatizana. Ya kwa a Pruitt idaliza hutala pachipata, Dusty atatulutsa mutu pawindo, koma palibe adatuluka. Amado anali kukhola, atanyamula chidebe cha madzi. Adapeza Nieves atagwada, akusintha bandeji pamwendo wa Canela.

"Nieves, pepa."

"Ika chidebecho pansi."

Adachiika. Nieves adapitiriza kukulunga bandeji osamuyang'ana.

"Paipi si nkhani," adatero Nieves. "Nanenso ndinadulapo zinthu za Papa ndili ngati iwe. Koma ndinakufunsa, Amado. Papa anakufunsa. Ukanangonena, tikanapita tonse awiri kukalumikiza, n'kubwerako chakudya chisanapse."

Adatola bandeji yakale ija n'kutuluka.

Canela idatsimphina kufika pachidebe, n'kumwa mpaka pansi. Itatha idadzutsa mutu, madzi akudontha kukamwa, ndipo idayamba kununkhiza m'thumba la malaya a Amado kufuna karoti, monga inkachitira masiku onse. Iyo sinkadziwa kanthu. Amado adaima chilili, hatchiyo ikumukhudza pachifuwa ndi mphuno yake yonyowa, ndipo adalephera kuiyang'ana m'maso.