Nambala za ku Matailosi

Tsiku limene Esitere anakumana ndi Kennias, mwamunayo anali atagwada pansi pa desiki yake, mawaya ali mbwee. Esitere anali wolandira alendo ndi mafoni pa kampani ina yogulitsa matailosi ku Fourways, mumzinda wa Joni. Atasowa pokhala, anang'ung'udza m'Chichewa kuti anthu ena sadziwa kupempha malo. Pansi pa desiki panatuluka mawu: "Pepani achemwali, ndatsala pang'ono."

Manyazi ake! Ku Joni kuno sunyoza munthu m'chinenero chakwanu, sudziwa amene akumva.

Kennias anabadwira ku Zimbabwe, pa famu imene agogo ake ochokera ku Ntcheu anakalambira, ndipo ntchito yake inali yolumikiza mafoni m'maofesi. Tsikulo anakhoma pakhoma kabokosi kakuda kokhala ndi tinyanga, n'kulowetsamo masimu khadi asanu ndi atatu. Esitere atafunsa ntchito yake, anamufotokozera mofatsa, uku akumuyang'ana m'maso. Anati munthu akaimba nambala ya foni ya m'manja pa foni ya padesiki, mawu sadzeranso pa waya wa kunja. Amathamangira m'kabokosimo, iko kamasankha simu imene ili phee, makamaka ya netiweki yofanana ndi ya woimbiridwayo, kuti kampani isamawononge zambiri. Wolandira foniyo saona nambala ya ofesi ayi, amaona ya simu imene yasankhidwa.

"Ndiye kamasankha kokha?" anafunsa Esitere.

"Kokha. Ngati mtima wanga mmene wachitira leromu."

Esitere anaseka mpaka kugwira pakamwa. Mawu otchipa ngati amenewo, mtsikana wa ku Dedza wopita kutchalitchi n'kugwa nawo? Anagwa nawo ndithu.

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa ngati madzi. Kennias ankamudikira pa renki ya matakisi atanyamula chipisi, n'kumuperekeza mpaka pa fulati ku Berea, koma osachedwa, akuti makasitomala akudikira. M'mawa uliwonse meseji inkagwa: "Wadzuka bwanji Esi wanga, duwa la ku Dedza? Usayankhe pano, undiimbire pa ya kuntchito." Lamulo lake linali limenelo. Ankati safuna kuti mkazi wake wam'tsogolo aziwononga mayunitsi pamene iye mwini anamuikira njira yaulere. Esitere ankaona kuti ndiko kusamala kumeneko. Pa nthawi ya chakudya chamasana, anzake akatuluka, ankanyamula foni ya padesiki n'kumva malonjezo. "Iwe ndiwe womaliza. Ndikakusiya, manja angawa aume."

Nkhani inakula. Esitere anauza mayi ake kumudzi, anauzanso malume ake a ku Troyeville, amene anamulera chifikireni ku Joni. Malumewo, munthu wosapupuluma, anati mnyamatayo abwere adzaonekere Loweruka, anthu amuone nkhope masana. Kennias anavomera mosazengereza, mpaka anafunsa mtundu wa jekete umene akuluakulu a ku Dedza amakonda.

Lachinayi, cha m'ma leveni, foni ya pa lisepishoni inalira. Pagalasi la foniyo panaoneka kuti yadzera m'kabokosi kaja. Zinkachitika kawirikawiri: kasitomala akapeza kuti anaimbiridwa, ankabweza pa nambala ya simu, ndipo Kennias yemweyo ndiye anakonza kuti mafoni otero azigwera kwa Esitere, poti bwana anadandaula kuti makasitomala akutayika.

Woimbayo anali mayi wina wachilendo. Anayamba m'Chingerezi chovutikira, kumbuyo kukumveka kakhanda kakulira. Potonthoza mwanayo analankhula Chichewa, ndipo Esitere anamuuza kuti amasuke, ndi wakwawo.

Mayiyo anapuma mosangalala. Anati dzina lake ndi Elinah, ndipo nambalayi waitenga m'foni ya amuna ake akusamba. M'menemo zilimo zisanu ndi zitatu, zonse zolembedwa kuti Matailosi, ndipo zimaimba tsiku lililonse masana. Sanafune kuvuta, anati, amadziwa kuti ntchito ndi imene imawadyetsa.

"Koma chonde achemwali, mundipemphereko kwa abwana anu. Loweruka likubwerali tikutulutsa mwana m'chikuta, ndiye bambo ake akuti mwawaitana ku ntchito tsiku lonse. Mwana woyamba wamwamuna, bambo palibe, anthu adzati chiyani?"

 Esitere anafunsa dzina la bamboyo, ngakhale mtima unali utadziwa kale.

"A Kennias. Aja anakuikirani mafoni."

Kalanga ine! Ndiye mayunitsi aja ankasungidwa chifukwa cha ichi? Miyezi yonseyi iye anali Matailosi m'foni ya munthu, mkazi wa mwini akuona foni ikulira n'kumapatsira mwamuna wake ndi manja awiri kuti bwana akukufunani. Pamene iye ankasankha nsalu ya chinkhoswe, mnzakeyu anali ndi pakati. Mkwiyo unamugwira, ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti mayiyu analankhula mwaulemu, ngati akupempha mchere kwa mnansi.

"Mayi, musadule," anatero Esitere. "Ntchito ya Loweruka muimva nokha. Mungokhala chete."

Anadina batani lolumikiza anthu atatu, n'kuimba nambala imene ankaidziwa pamtima. Kabokosi kanasankha simu, foni inaitana kawiri.

"Kennias, ndine."

"Esi wanga! Lero wafulumira bwanji, wandisowa? Jekete ija ndagula, yabuluu. Malume ako akandiona Loweruka adzangoti tengani mwanayu lero lomwe."

Esitere anamufunsa ngati kulibe china chimene chingamulepheretse tsikulo. Kennias anaseka, n'kulumbira kuti pa dziko lonse lapansi alibe wina woti n'kumuika patsogolo pa iye.

Apo kakhanda kanalira pa foni. Kuseka kuja kunaduka.

"Bambo a mwana," anatero Elinah, "jekete ija munati ndi ya mwambo wa mwana wathu."

Kennias anayamba kuchita chibwibwi, kutchula uyu, kutchula uyo, osadziwa woyamba kumupepesa. Esitere sanadikire. Anadina batani lowasiya awiriwo pa mzere, n'kubwezera foni pamalo pake. Sanamve kukoma kulikonse. Anali atamubaya pamtima mayi wosalakwa, wa mwana wa masiku ochepa, ndipo zimenezo zinamuwawanso.

Anapita kuseri kwa ofesi, kumene amaunjika matailosi osweka, n'kulira mpaka maso kufiira. Meseji zinayamba kugwa m'foni yake motsatizana, koma sanatsegule ndi imodzi yomwe. Panatsala ntchito imodzi yolemera kuposa zonse. Anapukuta misozi n'kuimbira malume ake.

Malumewo anayankha mokondwa, osamupatsa mpata. Anati azakhali ake agula kale nkhuku zitatu, ndipo iwo angofika kumene kuchokera kutchalitchi, kumene abwereka mipando makumi awiri, poti anthu akwathu onse a ku Troyeville akufuna kudzamuona mkamwini.

"Uli chete bwanji, mwana wanga?"

Esitere anayankha mwachidule.

"Malume, mipandoyo kabwezeni."